Ufa wa Lusini ndi Zithunzi Ziwiri za Anastazia

Anastazia anakumana ndi Gerevazio pasiteji ya Linthipe, m'mawa wina wa mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala. Anali akutsitsa madengu a kachewere paminibasi pomwe dengu lina linamupulumuka, kachewere n'kumwazikana pamsewu. Anthu anangoyang'ana. Koma mnyamata wina wa chifuwa chotambalala anawerama n'kuyamba kutola, mpaka dengu linadzazanso.

Ananena kuti dzina lake ndi Gerevazio, ndipo ali ndi shopu ku Dedza boma, kuseri kwake kuli malo onyamulirako zitsulo. Asanachoke anapempha nambala ya foni.

Anastazia anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ankakhala ndi makolo ake ku Kabwazi ndipo ankaimba kwaya kuparishi. Anali wonenepa kuyambira ali mwana, ndipo anazolowera kuti anyamata azimuseka kapena kumudutsa ngati palibe munthu. Nanga uyu anaona chiyani mwa iye?

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo. "Duwa langa la ku Kabwazi, wafika bwino?" Mawa lake unabwera wina: "Ndakhala ndikusaka mkazi wa mtima ngati wako, osadziwa kuti amagulitsa kachewere pa Linthipe." Anastazia ankawerenga n'kubwerezanso, makasitomala akudikira.

Patapita masabata atatu, Gerevazio anamujambula pafupi ndi madengu ake, atavala juzi yakale ndi chitenje. Mtsikanayo anachita manyazi, koma iye anati akufuna azimuona nthawi iliyonse akamusowa.

Lachiwiri lotsatira anabwera ndi chitini cha ufa woyera. Anati dzina la ufawo ndi lusini, kachigawo kena ka zakudya zomanga thupi, komwe kamadzutsa minofu kuti ikule, ndiponso kamasungunula mafuta m'thupi.

"Kodi sindikukusangalatsa mmene ndililimu?" anafunsa Anastazia.

"Wokondedwa, ndimakukonda ndi thupi lomweli," anatero Gerevazio atamugwira dzanja. "Koma ndikufuna tidzakalambe limodzi uli wamphamvu. Mvula ikangogwa, amalume anga adzafika kwanu kudzafunsira mbeta. Ndikulonjeza."

Mawu amenewo ndiwo anamumwetsa ufa uja, ngakhale unali wowawa. Gerevazio anamuuzanso kuti azikwera phiri la kuseri kwa mudzi wawo asanapite kumsika, azinyamula zidebe zamadzi m'manja onse awiri, asiye mandasi ndi zakumwa zotsekemera, azidya soya, nyemba, mazira ndi usipa. Anastazia anachita zonse. Masiku ena ankafika pamwamba pa phiri miyendo ikunjenjemera, misozi ili m'maso, n'kutumiza uthenga wakuti wafika. Yankho linkabwera msanga: "Ndiwe ngwazi yanga."

Itatha miyezi inayi, masiketi onse anali akumukhwepa. Amayi ake anamufunsa mwamseri ngati akudwala. Akwaya anzake ankafuna kudziwa chinsinsi.

Mchimwene wake wamkulu, Rafaelo, yemwe ankagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, anawerenga zolembedwa pachitinicho n'kupukusa mutu. Anamufotokozera kuti lusini alikodi, ndipo amathandiza minofu ya munthu amene akulimbitsa thupi, koma amapezeka kale mu soya, nyemba, mazira ndi usipa zomwe akudyazo. Za kusungunula mafuta anakana. Chomwe chinachepetsa thupi lake ndi phiri lija ndi kusintha kadyedwe.

"Mlongo wanga, ntchito wagwira wekha," anatero Rafaelo. "Chenjera ndi munthu amene akufuna uthokoze chitini."

Anastazia anakwiya. Anati achimwene akewo sakufuna kumuona akusangalala, ndipo anatha sabata osawayankhula.

Mu Okutobala Gerevazio anamugulira diresi yobiriwira, n'kumujambulanso ataima mowongoka, manja ali m'chiuno. Anastazia atapempha kuti akaone shopu, anayankhidwa kuti amisiri akuikonza, fumbi ndi lambiri. Nthawi zonse ankakumana pa Linthipe.

Mvula inagwa. Anthu anadzala chimanga, chinamera, mpaka anayamba kupalira. Amalume sanabwere. Mauthenga anafupika, ena osayankhidwa n'komwe. Kodi Gerevazio wadwala? Kodi kwawo akukana? Anastazia anadziimba mlandu kuti mwina sanaonde mokwanira.

Loweruka lina anathyola mapichesi pamtengo wa pakhomo, anavala diresi yobiriwira ija, n'kukwera minibasi ya ku boma osamudziwitsa. Atatsika anafunsa bambo wina wakabaza komwe kuli shopu ya a Gerevazio. Bamboyo anamuyang'anitsitsa n'kumwetulira.

"Mukufunsa njira inu? Si inu muli pakhomo pake?"

Anastazia sanamvetse mpaka atakhota pangodya. Pamwamba pa khomo la shopu panali chinsalu chachikulu cha malonda. Kumanzere kunali iye mu juzi yakale pafupi ndi madengu, pansi pake palembedwa "KALE". Kumanja kunali iye mu diresi yobiriwira, palembedwa "LERO". Pakati panali mawu ofiira: "Miyezi inayi yokha ndi lusini!" Anyamata awiri anali ataima pomwepo, akuloza chithunzi chakumanzere n'kumaseka.

Analowa m'shopumo. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wachitsikana wobereka mwana, mphete ili pachala. Atamuona anawala nkhope.

"Ndinu a Anastazia! Takulandirani. Ine ndine Faith. Bambo a Yeremiya amakutamandani kwambiri, amati pa makasitomala onse palibe womvera ngati inu. Chithunzi chanu chatibweretsera anthu ochokera mpaka ku Kasina."

"Bambo a Yeremiya ndi ndani?"

"Amuna anga, a Gerevazio."

Anastazia sanalire. Anaika jumbo ya mapichesi pakauntala, anatsegula foni n'kumupatsa Faith. Mayiyo anawerenga uthenga woyamba akumwetulirabe. Anapitiriza kutsika, kumwetulira kuja n'kuzimiririka. Atafika pomwe panalembedwa za amalume ndi mbeta, anakhala pansi pampando.

Nthawi yomweyo Gerevazio analowa kuchokera kuseri, thaulo lili paphewa. Ataona akazi awiriwo ndi foni ili pakati pawo, anaima. Anayamba kulankhula zambirimbiri, kuti Faith asamvetse molakwika, kuti atsikana ambiri amasiya ufa pakati ngati palibe wowalimbikitsa, kuti inali njira chabe yoti malonda ayende.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha," anatero Anastazia. Sanamutchulenso kuti iwe. "Tsiku lija munatola kachewere wanga, munali mutandisankha kale?"

Gerevazio anayang'ana kumbali. Kenako anakweza mapewa.

"Koma waonda, si choncho? Ukudandaula chiyani?"

Apo m'pomwe misozi inatsika. Anastazia anakumbukira m'mawa uliwonse womwe anakwera phiri akuganiza za tsiku la ukwati. Anakumbukira mmene anawanyozera achimwene ake. Munthu yemwe anamuuza koyamba kuti ndi wokongola anamusankha chifukwa ankafuna thupi loti anthu aziliseka.

Faith anaimirira. Anatenga sizasi, anatulutsa mpando panja, anakwerapo mwana ali kumsana, n'kudula zingwe zinayi za chinsalu chija. Anthu anasonkhana kuonerera. Gerevazio anayesa kumuletsa, koma mkaziyo anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kubwerera m'mbuyo. Faith anapinda chinsalucho n'kuchiika m'manja mwa Anastazia.

"Pepani, asisi. Sindinkadziwa," anatero motsitsa mawu. "Izi ndi zanu, tengani. Za ine ndi iye ndiziona ndekha."

Anastazia anatenga foni yake n'kuyenda mpaka kudepoti osacheuka. Anaganiza zotaya chinsalucho m'ngalande, koma anaopa kuti wina achitola n'kuchitambasula. Anakwera nacho minibasi, chili pamiyendo, chikutchinga njira ya anthu. Foni inalira kawiri. Sanaiyang'ane.

Kondakitala anadandaula kuti chikuvutitsa okwera, n'kutambasula dzanja kuti akachiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza.

"Ayi, chisiyeni pompano," anatero Anastazia, n'kuchikumbatira. "Muli nkhope yanga."