Kagalasi Kopukuta ndi Phulusa

Matalala atawononga fodya yense, mwini esiteti ina ya ku Nsaru anauza matenanti kuti asamuke mwezi usanathe. Banja la a Jameson linalibe ndalama yokwerera basi kubwerera kwawo ku Phalombe. Mbuzi anagulitsa kale, njinga nayonso. Chinatsala ndi kamera ya Fatsani, mwana wawo woyamba.

Sinali kamera wamba. Kanali kachitsulo kofiira konga chitini cha mkaka, kojambulira nyenyezi akakalumikiza ku makina oonera kumwamba. Wansembe wina anamusiyira pochoka paparishi, ataona kuti mnyamatayu ankangopunthwa m'njira chifukwa choyang'ana kumwamba.

"Gulitsa, mwananga," anatero amayi ake. "Nyenyezi sizitikweza basi."

Fatsani anamva kuti ku Chitedze kuli mayi wina wofufuza zanyengo amene amagula zoterezi. Kwawo katundu wogulitsa amayamba watsukidwa: poto ndi mchenga, njinga ndi mafuta. Choncho anatenga phulusa ndi kansalu konyowa, napukuta kagalasi kam'kati mpaka kuwala. Bokosi long'ambika ndi zingwe anazisiya, poopa kuti zinyozetsa malonda.

Atafika ku Chitedze, Mayi Dyness, wofufuza uja, anailandira kamerayo ndi manja awiri.

"Mtundu uwu ndimaufunadi! Zingwe zake zili kuti? Nanga chivundikiro?"

"Zinali zakutha, mayi. Koma taonani mmene ikuwalira!"

Mayiwo anaipendeketsa pawindo, nkhope n'kusintha.

"Kodi mwapukuta ndi chiyani, achimwene?"

"Phulusa, mayi. Losefa bwino."

"Mayo ine!"

Anailumikiza ku kompyuta ndi chingwe chawo. Chithunzi chinatuluka mizeremizere ngati munda wolima kumene.

"Ogula amafunsa zaka zake, zingwe zake, ndiponso ngati inasungidwa pouma," anatero. "Koma mtengo weniweni uli pakagalasi aka. Fumbi ndikanangoliuzira. Pokalika sipafufutika."

"Ngakhale theka, mayi! Azing'ono anga agona panja!"

"Theka la chiyani, mwanawe? Chitsulo chokhachi ndiye ndingagule, mwina chidzandithandiza pokonza ina."

Fatsani anafika ku esiteti dzuwa litapendeka. Amayi ake anali atakhala pamitolo, katundu yense womangamanga. Atamuona anadzambatuka.

"Tinyamuka mawa eti?"

Anawapatsa kandalama ka chitsuloko, kongokwana mpando umodzi wa basi, maso ali pansi.

"Kwerani inuyo, ana muwaike pamiyendo. Ine ndi abambo titsale, tikafune ganyu ku Kasiya."