Thonje Kapena Choko?

Salima anali ndi mphaka. Dzina lake linali Thonje. Thonje anali woyera mbee! Nsonga ya mchira yokha ndiyo inali yakuda.

Salima ankakhala ku Utale, pafupi ndi njanji. Bambo ake, Che Uladi, ankalima thonje. Salima ankamukonda mphaka wakeyo. Ankamukonda kwambiri. Sankalola kuti wina amugwire.

"Thonje ndi wanga," ankatero. "Wanga ndekha."

Tsiku lina Che Uladi anakweza matumba a thonje pangolo. Anapita nawo kumsika. Kuyambira tsiku limenelo, Thonje sanaoneke.

Salima anafuna pansi pa nkhokwe. Thonje panalibe. Anafuna m'khola la mbuzi. Thonje munalibe. Anafuna kumunda. Thonje kunalibe.

"Pusi, pusi! Thonje!" anaitana Salima.

Koma kunali zii.

Sabata imodzi inatha. Yachiwiri inatha. Yachitatu inathanso.

Mwezi wa Julaye unayandikira. Amayi a midzi yonse ankaphunzira nyimbo za tsiku la ufulu. Ankakumana pabwalo la sukulu, kutsidya kwa njanji. Onse ankavala nsalu za chipani. M'mawa wina Salima anapita nawo. Anawanyamulira amayi ake madzi akumwa.

Ng'oma zinalira. Amayi anayamba kuvina. Koma Salima sanaonere gule. Maso ake anali pansi pa mlambe. Pamenepo panakhala mtsikana wina. Pamiyendo pake panagona mphaka. Mphakayo anali woyera mbee! Nsonga ya mchira inali yakuda.

Salima anathamanga.

"Thonje!" anafuula.

Mphaka anatukula mutu. Anamuyang'ana Salima. Kenako anagonanso pamiyendo pa mtsikanayo.

Mtima wa Salima unawawa. Unawawa ngati waponda minga.

"Iwe ndiwe ndani?" anafunsa Salima.

"Ndine Martina," anayankha mtsikanayo. "Uyu ndi Choko, mphaka wanga."

"Iyayi! Ameneyu ndi Thonje. Ndi wanga!"

"Ndinamutola m'mbali mwa msewu wa ngolo," anatero Martina. "Anali ndi bala pamwendo. Ndinamutsuka. Ndinamupatsa mkaka wa mbuzi."

Martina anamusisita mphaka pamutu. Mphaka anatsinzina. Anamunyambita Martina chala.

Salima anaona. Nsanje inamugwira. Kale Thonje ankanyambita chala chake. Chake chokha.

"Usamugwire!" anakalipa Salima. "Taona, wamuondetsa!"

Amayi a Salima anabwera. Amayi a Martina anabweranso. Anamva nkhani yonse.

"Zoona, mphakayu ndi wakwathu," anatero amayi a Salima. "Zikomo kwambiri pomusunga."

Amayi a Martina anagwira mwana wawo paphewa. "Mwini wake wapezeka, Martina. Mupatse mnzakoyu."

Martina anapereka mphaka. Misozi inali mbwembwembwe. M'khosi mwa mphaka munali kansalu kofiira. Martina ndiye anamumanga. Salima anakamasula. Anakataya pansi.

"Salima, thokoza," anatero amayi ake.

Salima sanathokoze. Anangofungatira mphaka wake, n'kumapita.

Anafika kunyumba masana. Salima anaika matemba m'mbale.

"Idya, Thonje."

Thonje sanadye. Anapita pakhomo. Anayang'ana kunjanji.

"Miyawu! Miyawu!"

Salima anathira madzi m'chigoba.

"Imwa, Thonje."

Thonje sanamwe. Anapitanso pakhomo. Anayang'ananso kunjanji.

"Miyawu! Miyawu!"

"Ukufuna Martina eti?" anafunsa Salima. "Anakupatsa chiyani ameneyo? Ine ndinakulera uli kamwana. Iye wakusunga masabata atatu okha!"

Salima anatenga luzi. Anamumangirira Thonje kumtengo wa khonde. Thonje anakoka luzi. Anakokanso. Analira mpaka mawu anasasa.

Che Uladi anali pamkeka. Ankasoka thumba long'ambika.

"Mwanangu," anatero, "mbuzi timamanga. Mphaka sitimanga."

"Ndikamumasula athawa, Ababa. Apita kwa Martina."

"Nanga pamenepo ali ndi iwe?" anafunsa Che Uladi. "Thupi lili pano. Mtima uli kwina."

Salima anakwinya nkhope. Anakhala pansi. Anamuyang'ana Thonje. Thonje sanamuyang'ane n'komwe.

Dzuwa linapendeka. Thonje anali akulirabe. Salima anadzuka mokwiya. Anamasula luzi.

"Pita!" anatero. "Pita kwa Martina wakoyo!"

Thonje anati liwiro! Salima anaima pang'ono. Kenako anamutsatira. Ankafuna kuona chimene Martina ali nacho.

Thonje anadutsa m'munda wa nandolo. Salima anadutsanso. Thonje anawoloka njanji. Salima anaima kaye. Anayang'ana uku ndi uku. Sitima kunalibe. Anawoloka.

Martina anali pakhonde la nyumba yawo. Maso ake anali ofiira. Ataona mphaka, anadumpha.

"Choko! Wabwera!"

Anatambasula manja. Koma mphaka anangomudutsa. Sanaime. Sanacheuke n'komwe.

Salima anadabwa. Mumtima anakondwako pang'ono.

Kuseri kwa nyumba kunali uvuni wakale wa njerwa. Thonje analowa m'bowo la uvuniwo. Atsikana awiri aja anagwada. Anasuzumira m'bowomo.

"Miyu! Miyu! Miyu!"

Munali tiana titatu! Kena kanali koyera. Kena kanali kakuda. Kena kanali kamawangamawanga. Maso awo anali asanatseguke. Tonse tinkalira ndi njala.

Thonje anagona chammbali. Tiana tinayamba kuyamwa. Kulira kunatha.

"Sindimadziwa," ananong'ona Martina. "N'chifukwa chake ankasowasowa."

Salima anayang'ana m'khosi mwa Thonje. Anakumbukira luzi lija. Manyazi anamugwira.

"Ndinamumanga tsiku lonse," anatero. "Ndimaganiza kuti akufuna iwe."

"Sankafuna ine," anatero Martina.

"Sankafunanso ine," anatero Salima.

Anayang'anana. Martina anayamba kuseka. Salima anayesa kudziletsa. Koma naye anaseka.

Kenako Salima anayang'ananso m'bowo. Tiana tinali tating'ono kwambiri. Sitikanatha kuyenda ulendo. Salima anatembenukira kwa Martina.

"Thonje atsale kuno," anatero. "Atsale mpaka ana akule."

"Uzibwera kudzamuona," anatero Martina.

"Koma usamamunyamule kwambiri."

"Pang'ono pokha."

"Ndiponso, zikomo chifukwa cha bala lija."

Belu la njinga linalira. Ngiri, ngiri! Anali Che Uladi. Ankafuna mwana wawo.

"Odi kuno!"

"Fikani, Che Uladi," anayankha a Ambrose, bambo ake a Martina.

Atsikana anawakokera kuuvuni. Abambo awiriwo anawerama. Anasuzumira.

"Alhamdulillah!" anatero Che Uladi. "Tinataya mmodzi. Tapeza anayi."

Kuyambira pamenepo, Salima ankapita kwa Martina akaweruka kusukulu. Ankatenga matemba. Martina ankabweretsa mkaka. Nthawi zina Thonje ankagona pamiyendo pa Martina. Nsanje inkabweranso. Inkamutsina Salima mumtima. Koma Salima ankanyamula kamwana kamodzi. Nsanje ija inkachepa.

Tiana tinatsegula maso. Tinayamba kuyenda. Tinayamba kuthamangitsa ziwala. Tinayamba kudya tokha.

Tsiku lobwerera linafika. Salima anasankha kamwana konenepa kuposa tonse. Kanali kamawangamawanga kaja. Anakakonda kwambiri. Anakafungatira kanthawi. Kenako anakaika m'manja mwa Martina.

"Aka ndi kako," anatero.

Thonje ndi tiana tiwiri analowa m'dengu. Salima anasenza dengulo mpaka kwawo.

Amayi anayala mkeka pakhonde. Anabweretsa chinangwa chophika ndi tiyi. Salima anatsegula dengu. Thonje anatuluka. Ananunkhiza khomo. Anazungulira bwalo lonse. Kenako anabwera, n'kugona pafupi ndi Salima.

Kamwana kakuda sikanapite kwa Salima. Kanakwera pamwendo pa Che Uladi. Kanakwera pamkono. Kanafika paphewa. Kanagwetsa pansi kofia yawo ya kumutu. Kanatsika, n'kulowa m'kofiamo. Kanagona.

"Kandisankha ine," anatero Che Uladi akuseka.

Amayi anamuyang'ana Salima. Salima anakwinya nkhope pang'ono. Kenako anamwetulira.

"Chabwino, Ababa," anatero. "Ndakubwerekani. Koma mawa mubweze."