Foni Yomwe Sinkamumva Kampheta

Kampheta anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mawu ake anali aang'ono, ngati a mpheta. Ndiye aliyense ankangomuitana Kampheta.

Kampheta ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulankhula ndi amayi ake.

Amayi anali kutali. Anapita kukaphunzira za unamwino. Anali atachoka milungu iwiri yapitayo.

Bambo ake a Kampheta anali injiniya. Ankapanga mafoni. Ankavala jekete loyera. M'thumba la jeketelo munali zolembera zinayi. Zitatu sizinkalemba, koma zinkaoneka bwino.

Tsiku lina masana, bambo anabwera ndi mafoni awiri atsopano. Imodzi inali yawo. Ina inali yapakhomo.

"Foni iyi ndaipanga ndine," anatero bambo.

Anaipanga ndi anzawo atatu. Koma anzawowo sankawatchula kawirikawiri.

"Ndi foni yanzeru," anatero bambo. "Imachotsa phokoso. Galu akauwa, imachotsa. Mbale ikagwa, imachotsa. Mbalame ikalira, imachotsa. Imasiya mawu a munthu basi."

"Nanga foni yakale ija ili kuti, adadi?"

"Ndaimasula," anatero bambo. Zidutswa zake zinali m'chitini.

Bambo anaimbira amayi. Analankhula za foni. Analankhulanso za foni. Kenako anamupatsa Kampheta. Iwo anapita kukasita jekete.

"Amayi! Ndine Kampheta!"

"Halo?" anatero amayi.

"Amayi, dzino langa likugwedera!"

"Halo? Kampheta, uli pomwepo?"

"Ndili pompano, amayi!"

"Bwanji uli chete, mwana wanga?" anafunsa amayi. "Wandikwiyira? Wakwiya chifukwa ndinachoka?"

"Ayi! Sindinakwiye!"

Amayi sanamve. Anadikira. Anadikiranso.

"Chabwino," anatero pang'onopang'ono. "Ukadzafuna, udzandilankhula."

Foni inaduka. Kampheta anathamangira kwa bambo.

"Adadi, foni yanu sikundimva."

"Foni yanga?" Bambo anaseka. "Sizingatheke. Waigwira molakwika."

Mawa lake bambo anamuphunzitsa kugwira foni. Phunzirolo linali lalitali. Kenako anaimbanso.

"Amayi, ndine!" anatero Kampheta.

"Halo?"

"Amayi, ndakusowani!"

"Halo?"

Bambo analanda foni. "Mayi a Kampheta, mwanayu akulankhula ndithu."

"Musamuikire kumbuyo," anatero amayi. "Inuyo ndikukumvani bwinobwino. Iyeyo sakufuna kundilankhula."



Kampheta anakhala pansi pa tebulo. Sanalire. Anaganiza.

Adadi akalankhula, foni imamva. Ine ndikalankhula, foni simamva. Mawu a adadi ndi aakulu. Mawu anga ndi aang'ono.

Anaganizanso. Kenako anatuluka pansi pa tebulo.

Tsiku lachitatu, Kampheta anaimba yekha. Anagunditsa chibwano pachifuwa. Anafufumitsa masaya. Anatulutsa mawu kuchokera m'mimba.

"Moni," anatero ndi mawu aakulu. "Ndine injiniya."

"Bambo a Kampheta!" anatero amayi. "Mwadwala chimfine?"

Kampheta analumpha. Foni yamva!

"Amayi, ndine!" anakuwa ndi mawu ake enieni.

"Halo?"

Anagunditsanso chibwano. Pakhosi pankamuyabwa. "Ndine Kampheta. Sindinakwiye."

"Bambo a Kampheta, musasewere nane," anatero amayi. "Munthu wamkulu kunamizira kukhala mwana? Ndikupita m'kalasi ine."

Foni inadukanso.

Kampheta anapeza bambo akupukuta magalasi.

"Adadi, tengani foni yanu. Pitani kuseri kwa nyumba."

"Ndikatani kumeneko?"

"Tikufuna tiyese foni."

Bambo ankakonda kuyesa zinthu. Anapita kuseri kwa nyumba. Anaima pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Kampheta anawaimbira.

"Wani, thu, fili," anatero ndi mawu aang'ono.

"Yamba kulankhula," anatero bambo.

"Wani, thu, fili," anatero Kampheta ndi mawu aakulu.

"Ndani ameneyo?" anafunsa bambo. "Ndani walowa m'nyumba mwanga?"

Anabwera akuthamanga. M'nyumba munali Kampheta yekha. Chibwano chinali pachifuwa. Masaya anali ofufuma.

Bambo anamuyang'anitsitsa.

"Adadi," anatero Kampheta, "foniyi munaiyesa ndi mawu a ndani?"

"Ndi mawu anga."

"Basi?"

"Ndi a anzanga atatu."

"Ali ndi mawu aakulu?"

"Aakulu kwambiri."

"Nanga ana?"

"Ana salowa kuntchito kwathu," anatero bambo. "Ana amachita phokoso."

Atatero anamva zomwe anena. Anayang'ana foni. Anayang'ana Kampheta. Anakhala pampando.

"Ukavale nsapato," anatero. "Tikupita kuntchito."

Kuntchito kunali mawaya ambiri. Kunali makompyuta. Kunalinso mainjiniya atatu. Wina anali wadazi. Wina anali wamtali. Wina anali wandevu. Onse anali ndi majekete oyera.

Bambo anakonza kolala.

"Anzanga," anatero, "ndapeza vuto."

Kampheta anatsokomola.

"Tapeza vuto," anatero bambo.

Kampheta anatsokomolanso.

"Amene wapeza vuto ndi mwanayu," anatero bambo.

"Vuto?" anatero a Dazi. "Tinaiyesa miyezi isanu ndi umodzi!"

"Tinaiyesa pafupi ndi galu," anatero a Mtali.

"Galuyo anandiluma ine," anatero a Ndevu.

"Koma simunaiyese ndi mwana," anatero Kampheta.

"Wati chiyani?" anafunsa a Dazi.

"Mwaona?" anatero Kampheta. "Nanunso simundimva."

Mainjiniya anamutengera m'chipinda choyesera mawu. Chitseko chake chinali chokhuthala ngati cha filiji. Makoma onse anali a siponji. Denga linali la siponji. Masiponjiwo anali osongoka ngati mano.

Kampheta anawomba m'manja. Phokoso linafera pomwepo. Anawombanso. Linaferanso pomwepo.

"Muno mawu sabwerera," anatero bambo. "Siponji imawameza."

Anatseka chitseko. Munali zii. Kampheta anamva mtima wake ukugunda. Anamvanso m'mimba mwa a Mtali mukulira.

"Si ine," anatero a Mtali.

Pakati pa chipinda panali maikolofoni. Inali pamwamba kwambiri. Anaitsitsa. Inali idakali pamwamba. Anaitsitsanso mpaka pamapeto. Kenako anabweretsa bokosi. Kampheta anakwera.

"Lankhula," anatero bambo.

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse."

Kampheta analankhula za dzino lake. Analankhula za nsapato yake yothina. Anawerenga kuyambira wani mpaka twente. Anaimba nyimbo. Ananong'ona. Anaseka.

Atatha, onse anapita pa kompyuta. Pagalasi panali mzere wofiira.

"Za m'munsi mwa mzerewu, foni imati ndi munthu," anatero a Ndevu. "Za pamwamba pake, imati ndi phokoso."

Mawu a bambo anali m'munsi. Ankaoneka ngati mapiri. Mawu a Kampheta anali pamwamba. Ankaoneka ngati udzu. Pafupi nawo panali mawu a mbalame.

"Foni yanu imandiyesa mbalame," anatero Kampheta.

A Dazi anakanda dazi lawo.

Ntchito inayamba. Anakweza mzere. Kampheta anamveka, koma mbalame inamvekanso. Anautsitsa. Mbalame inasowa, Kampheta anasowanso. Anakangana. Anamwa tiyi. Anamuuza Kampheta akwerenso pabokosi. Anakwera kasanu.

Pamapeto pake mbalame inasowa. Kampheta anatsala.

"Ndinadziwa kuti zitheka," anatero bambo.

"Imbani, adadi," anatero Kampheta.

Bambo anaimba. Ulendo uno sanalankhule. Anangomupatsa foni.

Kampheta sanagunditse chibwano. Sanafufumitse masaya.

"Amayi?" anatero ndi mawu ake aang'ono.

"Kampheta!" anakuwa amayi. "Mwana wanga! Ndiwe?"

"Ndine, amayi. Sindinakwiye. Ndinkalankhula masiku onse. Foni ndi yomwe sinkandimva."

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Uja wa chimfine uja ndinali ine."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka analira. Kenako anasekanso.

"Ndiuze zonse," anatero. "Yambira pachiyambi."

Kampheta anayambira pachiyambi. Anafotokoza za tsiku loyamba. Anafotokoza za tsiku lachiwiri. Mainjiniya anadikira. Bambo anayang'ana wotchi. Anatambasula dzanja.

"Amayi, adadi akufuna alankhule."

Bambo anatenga foni. Anakonza pakhosi.

"Mayi a Kampheta, kuti mumvetse bwino, mawu a munthu amayenda motere..."

"Bambo a Kampheta," anatero amayi.

"Ee?"

"Inuyo ndakumvani mokwanira. Mubwezereni mwana."

Bambo anamubwezera. Anakhala pabokosi lija. Kampheta anakhala pamiyendo pawo.

"Amayi," anatero, "tsopano tsiku lachitatu."