Inju ndi Mawu a M'fumbi

Inju ankadana ndi wailesi ya m'lole ya bambo ake. Inali yakale. Inali yakuda. Sinkaimba nyimbo. Inkangoti shii, shii.

"Ababa, izimitseni," anatero Inju. "Foni tili nayo."

"Wailesi ya pamsewu sazimitsa," anayankha bambo. "Madalaivala timalankhulirana pamenepa."

Tsiku limenelo ananyamula mavwende. Ankadutsa pamene kale panali nyanja ya Aral. Madzi anauma. Panatsala mchenga ndi mchere. Panatsalanso zombo. Zombo zadzimbiri. Zombo zopanda anthu. Inju sankafuna kuziyang'ana. Anzake ankati mizukwa ya asodzi akale imaitanabe m'zombomo.

Masana mphepo inayamba. Fumbi linakwera. Dzuwa linasowa. Msewu nawo unasowa. Bambo anaimitsa lole.

Thaa! Chingwe chinaduka. Lona wophimba mavwende anauluka.

Fumbi likabwera, dalaivala satsika. Aliyense amadziwa zimenezi. Bambo ake a Inju ankadziwanso. Koma lonayo anali watsopano!

"Khala momwemo," anatero bambo. "Ndibwera pompano."

Anatsika. Fumbi linawameza.

Inju anadikira. Anadikirabe. Bambo osabwera. Anatenga foni. Netiweki panalibe.

Kunja chombo chinalira ndi mphepo. Kwiii! Wailesi inati shii. Kenako inati khwa! Khwa! Kenako panamveka mawu. Mawu osasa, apansipansi.

"Kuli munthu? Kuli munthu?"

Inju anadzipinda pampando. Anadzifunditsa chikhoti cha bambo.

Khwa! Khwa! "Kuli munthu?"

Inju ankaopa mawuwo. Koma ankaopa kwambiri kutaya bambo ake. Anatulutsa dzanja. Anagwira cholankhulira. Anadina batani, monga amachitira bambo.

"Kodi... ndinu mzukwa?"

"Mzukwa? Iwe, unaonapo mzukwa ukuyendetsa lole ya simenti? Ndine Tolegen. Nane ndaima m'fumbi. Akuluakulu ali kuti?"

"Ababa atsika. Sakubwera." Inju anayamba kulira.

"Atsika m'fumbi? Koma abale inu! Chabwino, pukuta misozi, mwanawe. Iwe usatsike, wamva? Liza hutala kuti bambo ako amve. Liza, usiye, umvetsere. Ine wanga sindiliza. Bambo ako angasokonezeke."

Inju analiza. Piii! Anasiya. Anamvetsera. Mphepo yokha.

Analizanso. Piii! Anasiya. Anamvetsera. Mphepo yokhabe.

Manja anatopa.

"Amalume, sakubwera!"

"Lizanso, mwanawe. Ine sindichoka." Khwa! Khwa!

Piii!

M'fumbi munaoneka chinthu. Chinali chachitali. Chinali choyera mbuu. Chinali ndi mapiko. Chinkabwera pang'onopang'ono. Chinafika pachitseko. Chinagogoda. Go! Go!

Inju anatseka maso.

"Inju, tsegula."

Anali bambo! Mchere unawayeretsa thupi lonse. Mapiko aja anali lona.

"Ndinasochera," anatero bambo. "Ndinkalowera kuzombo. Hutala wako ndi amene wandibweza."

Anamukumbatira. Inju anadetsedwa ndi mchere. Analibe nazo ntchito.

Fumbi linatsika. Dzuwa linabwerera. Lole ya simenti inaoneka poteropo. Munatsika munthu wamfupi, wamimba yaikulu. Anali a Tolegen. Ankaswa nthanga za mpendadzuwa ndi mano. Khwa! Khwa!

"Eti khwa khwa ija inali imeneyi!" anatero Inju. Anaseka mpaka misozi.

A Tolegen anayang'ana bambo. Anayang'ana lona. Anapukusa mutu.

"Achimwene, mwana kumusiya chifukwa cha chinsanza ichi?"

Bambo anazyolika. Anangotenga vwende lalikulu. Analidula. Onse atatu anakhala pamthunzi wa lole. Anadya vwende. Anamwa tiyi wamkaka. Zombo zinali chete.

Atanyamuka, wailesi inatinso shii, shii.

"Yakusokosera," anatero bambo. "Ndiizimitse?"

Inju anagwira dzanja lawo.

"Ayi, ababa. Wailesi ya pamsewu sazimitsa."