Mwala wa Pakona

Kodi mungaganize kuti ndani ankasewera ndi Tahlia miyezi yonse ija, m'mawa uliwonse osaphonya?

Anakumana pabwalo la ndege la Perth, pamene Tahlia ankagulitsa khofi. Brodie anali pamzere ndi anzake a kumgodi, onse m'malaya achikasu, maso ake ali pafoni.

"Khofi akuzizira, bwana. Ali m'fonimo ndi mkazi?" anamuseka Tahlia.

"Ndi drafuti chabe. Ikani pafoni yanu tione ngati mumasewera mmene mumalankhuliramu."

Tahlia anaika drafutiyo pafoni yake tsiku lomwelo. Masewerawo anali okongoladi. Bolodi inkaoneka ngati thabwa lenileni, ndipo mwala ukadyedwa inkalira kuti gwa. Brodie ankapita kumigodi ya ku Pilbara milungu iwiri, n'kubwera umodzi. Ali kumeneko ankasuntha mwala asanalowe ntchito, Tahlia n'kuyankha pa nthawi yopuma.

Brodie anali ndi chizolowezi chake. Masewera alionse ankasiya dala mwala wa pakona kuti Tahlia adye.

"Umenewo ndi mpsompsono wako, duwa langa," analemba. "Tsiku limene sindidzakusiyira mwala, udzadziwe kuti ndafa."

"Usamatero iwe, mtima wanga," anayankha Tahlia, akumwetulira yekha.

Kenako Brodie anati amutumiza kumgodi wina wakutali, ndipo sabwera msanga. "Netiweki ya kumeneko ndi yovuta, foni sizimveka. Koma masewera amadutsa. Undidikire."

Mauthenga anasiya. Miyala yokha sinasiye. M'mawa uliwonse foni inkalira kuti gwa, ndipo wa pakona unkamudikira Tahlia. Anyamata awiri anamufunsira, iye anakana. Angasiye bwanji munthu amene amamupsompsona tsiku ndi tsiku?

Lachiwiri lina anaona Lachlan, mnzake wa Brodie, akugula khofi.

"Mnzanu uja abwera liti? Kapena mwamukwirira mumgodi?"

Lachlan sanaseke. "Brodie? Sanakuuzeni? Anasiya ntchito kalekale. Ali ku Darwin, anabwererana ndi mayi wa mwana wake."

"Mukunama. Wasewera lero lomwe." Tahlia anamuonetsa foni. "Onani, wandisiyira mwala wanga."

Lachlan anayang'anitsitsa, kenako analoza kanyali kobiriwira pambali pa dzina la Brodie.

"Pepani, mlongo. Tonse kumgodi timayatsa kameneka tikatanganidwa. Masewerawa amaphunzira kaseweredwe ka munthu, n'kumamusewerera. N'chifukwa chake timawakonda. Sasiya chilichonse, ngakhale zolakwa zako."

"Sichinali cholakwa," anatero Tahlia motsitsa mawu.

Mzere unali utatalika, wina akufunsa ngati khofi wake wapsa. Tahlia anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kuthira mkaka. M'thumba mwake foni inalira kuti gwa.

Miyezi yonse ija ankasewera ndi makina.