Nkhope Imene Inasowa pa Chinsalu

Wojambula zithunzi uja ndi mkazi wake wosoka zovala ankakondana mochititsa kaduka. Anayambira m'kachipinda kamodzi ka lendi, makina osokera pakhomo, zitini za penti kunsi kwa bedi. Masiku a chibwenzi, mwininyumba akafunsa za mtsikana wobwerabwerayo, wojambula ankayankha osaphethira kuti ndi mlongo wake. Atakwatirana, nkhani imeneyi ankaiseka mpaka misozi.

Zithunzi zake zinali ngati maloto a munthu wodwala malungo. Ankajambula tauni ya kwawo imene anachokako ali mwana: nyumba zoyandama, azimayi oyenda pamwamba pa madenga atasenza ndowa, madzi akutayikira kumwamba. Pa chinsalu chilichonse pamakhala mayi mmodzi wa khosi lalitali, wofulatira nthawi zonse. Anali mayi ake omubala, amene anathawa ukwati iye ali ndi zaka zinayi, ndipo nkhope yawo inali itafufutika m'mutu mwake. Izi sanauzeko munthu, ngakhale mkazi wake. Amuna ena amabisa chisoni ngati chigololo, mpaka chimaonekadi ngati chigololo.

Ntchito itakula, anapeza chipinda chojambuliramo kuseri kwa sitolo ya misomali. Pafupi pomwepo panali mayi woluka tsitsi, wa pakamwa posatseka. Iyeyu ndiye anauza wosoka kuti masana aliwonse kumalowa mkazi wa khosi lalitali, chitseko n'kutsekedwa, ndipo anawonjezera kuti iye sakonda kulowerera za eni. Bodza lake!

Kwa milungu itatu wosoka anameza mawu. Ankasoka mokhotakhota, makasitomala akudandaula. Akayang'ana zithunzi za pakhoma ankaona mkazi uja paliponse, atamufulatira m'nyumba mwake momwe, zaka khumi zonsezi.

Lachinayi lina masana anapita, sizasi ili m'thumba la epuloni monga mwa nthawi zonse. Anasuzumira pawindo. Mwamuna wake anali atagwira chibwano cha mkaziyo, akutembenuzira nkhope yake kowala, misozi ili chuchuchu. Wosoka anali asanamuonepo akulira, ndipo zimenezi n'zomwe zinamupweteka koposa. Anakankha chitseko.

"Ameneyu ndani?"

"Khalani pansi kaye ndikufotokozereni. Ndi mlongo wanga."

Wosoka anaseka kuseka koopsa. "Mlongo? Inenso ndinali mlongo wanu. Mwaiwala?"

Mlendoyo anatsika pampando n'kugwada mwaulemu, dzanja atatambasula. "Muli bwanji alamu?" Wosoka anamva ngati chipongwe. Sizasi inalowa m'khosi lija, ndipo ofika ndi galimoto yomutengera kuchipatala anapeza zitatha kale.

Kukhoti kunaima bambo wokalamba, bambo wake wa malemuyo. Anafotokoza kuti mtsikanayo anabadwa mayi wa wojambula uja atakwatiwanso, ndipo mayiyo asanamwalire chaka chathachi anamutuma kukafuna mchimwene wake. Sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi, koma mwanayo anachita kutengera nkhope yonse. Wojambula anati ankafuna amalize kaye nkhopeyo, kenako abwere kunyumba ndi mlongo wake ndi chithunzicho tsiku limodzi. Anali atangomaliza chipumi. Woweruza anagamula kuti wosoka akakhale kundende zaka makumi awiri.

Ine sindidziwa woyenera kumulirira kwambiri. Nsanje siifuna umboni, imakhuta ndi liwu limodzi, ndipo bodza limene munthu unaseka nalo uli mnyamata limadzakukanira choonadi tsiku limene ukuchifunitsitsa.

Wojambula anapita kundende kamodzi kokha, atawonda, manja ali oyera opanda penti. Mkazi wake anayembekeza kutukwanidwa, ndipo akanakondwa nako. Iye anangofunsa motsitsa mawu.

"Inu munamuona pafupi kuposa ine. Ndikatsinzina ndikumangoona msana. Maso ake anali otani?"

Wosoka ankawadziwa bwino masowo, pakuti samuchoka. Anatsegula pakamwa, koma mlonda anali atagogoda kale patebulo kuti nthawi yatha.