Rufus Sapita Kumanda

Linali Lachitatu, tsiku lotulutsa zinyalala kumsewu. Ndinakoka mgolo wanga pa chipale chofewa, n'kubwerera m'nyumba manja atauma. Ndinatenthetsa supu wa nkhuku n'kugawa pawiri, mbale yanga ndi mbale ya Rufus. Eya, galu. Wofuna kuseka aseke. Rufus amadya zomwe ndikudya ine, amagona pabedi mbali ya kukhoma, ndipo pa Khirisimasi sokisi yake ya mphatso imapachikidwa pakati pa yanga ndi ya amuna anga. Wakhala nafe zaka khumi ndi zitatu.

Amuna angawo, a Orval, anali atagona m'manda mwezi ndi theka.

Anali munthu wokonzeratu zinthu. Mwala wa pamanda anauzokotetsa akadali ndi mphamvu, monga achitira ambiri m'tauni yathu ino ya ku Ohio: dzina lawo, dzina langa, masiku obadwa, malo a tsiku lomwalira n'kusiya posalemba. Koma iwo anawonjezera dzina lachitatu m'munsi. Rufus. Ine ndinkayesa nthabwala. Ali m'chipatala, mpweya ukuwathera, ndi pamene ananena zenizeni. Ati akamwalira nditenge galuyo ndipite naye kwa dokotala wa ziweto, akamubaye jakisoni wogonetsa uja wosadzukanso, akamuwotche, phulusa lake aliike m'bokosi mwawo cha kumapazi.

"Maxine, wandilonjeza?"

Sindinalonjeze. Ndinangowakonzera pilo. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndinkangoti inde. Mtundu wa galimoto, inde. Tchalitchi, inde. Dzina la mwana, inde. Koma kupha galu wamoyo, wodya bwinobwino, chifukwa choti mwamuna wamkulu akuopa kugona yekha? Toto.

Ndikutsuka mbale madzulo amenewo foni inalira. Anali alamu anga a Arlene, mlongo wawo wa malemuwo.

"Alamu, mwafikako kumanda sabata ino?"

"Ayi. Athawa?"

"Musaseke. Ndinapita ine masana. Chipale chakwirira mwala wonse, koma pa dzina la Rufus pokha payera mbee, ngati wina wapukuta ndi dzanja."

"Ndi dzuwa limenelo."

"Dzuwa lake liti? Achimwene sakugona, alamu. Apatseni galu wawo. Phulusa limatheka kukwirira pamwamba pa manda, ndafunsa kale."

"Mwafunsa kale! Inu muli ndi amphaka asanu ndi awiri kwanuko. Kawapatsenikoni mmodzi."

Ndinadula foni. Mtima unkagunda ndi ukali, osati mantha. Mantha anadzabwera pambuyo pake.

Ndinakhoma zitseko. Ndinamunyamula Rufus kukwera naye masitepe, poti miyendo yake yakumbuyo inatha kale. Ndinene ichinso mudziwiretu: galuyu anagontha zaka ziwiri zapitazo. Belu la pakhomo salimva. Bingu salimva. Ukafuna kumuitana uyenera kumugwira.

Tinagona. Mphepo inali itasiya. Kunja kunali zii.

Ndinadzidzimuka osadziwa chandidzutsa. Wotchi inkati 2:40. Rufus anali atadzutsa mutu, makutu ali njo, akuyang'ana kuwindo.

Kenako ndinaumva. Mluzu. Kawiri kafupi, kamodzi kotalika, kumapeto kwake n'kuphwa ngati tayala lotuluka mpweya. Mano oikirira a a Orval ndi amene ankachititsa zimenezo. Palibe munthu wina padziko pano amene angaimbe mluzu woipa chotero.

Ndinadziuza kuti ndi maloto. Koma galu wogontha analumpha pabedi.

Analumpha, ndikukuuzani. Galu amene ndimamunyamula ine. Zikhadabo zake zinalira pamasitepe, kothokotho, ngati kamwana ka galu. Ndinamutsatira osavala nsapato, osayatsa getsi, dzanja likukwekwesa khoma.

Chitseko chathu cha kukhitchini chili ndi kachitseko ka galu m'munsi, kapulasitiki kolendewera, kamene a Orval anaboola okha Rufus ali wamng'ono. Ndinamupeza atafika pamenepo. Ndinadziponya pansi n'kugwira lamba wa m'khosi mwake. Bondo langa linagunda simenti, ndinaona nyenyezi, koma sindinataye.

Getsi la pakhonde linayaka lokha. Limayaka pokhapokha chinthu chikadutsa. Ndinasuzumira pagalasi la chitseko. Chipale, mpanda, mtengo wa maapozi. Munthu palibe.

Getsi linazima.

Linayakanso.

Thabwa lachiwiri la masitepe a pakhonde linalira. Limalira likapondedwa ndi munthu wolemera. Ine ndikaponda silinena kanthu.

Kenako kachitseko kaja kanayamba kutukuka. Pang'onopang'ono. Mphepo ikakankha kamangogwedera n'kubwerera. Aka kanakwera mpaka m'mwamba n'kuima pomwepo, ngati wina wakagwirira kunja. Kuzizira kunalowa, kunandigwira m'mapazi. Pamodzi ndi kuzizirako linalowa fungo la fodya wa mu kaliwo ndi mafuta opukutira mfuti. Fungo la jekete yawo yosakira, imene ndinapereka kale kutchalitchi.

Mluzu unalira kachiwiri. Pafupi. Pabowo penipenipo.

Chimene chinandipweteka kwambiri si mluzuwo ayi. Ndi mchira wa Rufus. Unkagunda kabati, phaphapha, ndi chimwemwe chonse. Ankalira chapansipansi, akukoka, akufuna kupita. Mwezi ndi theka ndikumudyetsa ndi dzanja, ndikumupukuta akadzionongera, ndipo mwini wake atangoimba mluzu, ine ndinasanduka chopinga. Misozi inatuluka. Ndinatsala pang'ono kutaya lambayo, ndisaname.

Koma ukali unandibwerera. Ndinatembenuka, ndinakhala pansi, msana wanga n'kutseka bowolo. Rufus ndinamukumbatira pachifuwa. Kapulasitiki kanandikankha kumsana. Ndinakankhanso.

"A Orval," ndinatero, "ndi inu?"



"Ngati ndi inu, tamverani, poti muli moyo simunkandimvera. Galuyu simumutenga. Mwamva? Simu-mu-te-nga."

Chinakankhanso, mwamphamvu. Chitseko chonse chinalira.

"Kankhani! Thyolani, munakonza nokha! Munthu wamtundu wanji inu? Mwandisiya ndekha m'nyumba ya zipinda zisanu, mwana ali kutali ku Arizona, ndiye mukufuna mutenge ndi chamoyo chimodzi chomwe chimandiyang'ana ndikamayankhula? Kumeneko muli ndi mayi anu. Muli ndi bambo anu. Muli ndi theka la tchalitchi. Ine ndili ndi uyu."

Mluzu unayamba, koma sindinaulole kuti uthe.

"Chete! Muli panja pa nyumba yanga usiku, mukudzutsa anthu. Sindinakulonjezeni kanthu, mukudziwa. Ndinakukonzerani pilo basi. Mukamufuna Rufus, muyambe mwatenga ine. Pokhapo."

Sindikudziwa kuti mawu amenewo anachokera kuti. Anangotuluka.

Kukankha kunaleka. Fungo lija linakhalapo kanthawi, kenako linatha. Thabwa lachiwiri linalira. Getsi linazima, ndipo silinayakenso. Rufus anatsitsa makutu, anapuma mozama, n'kugona pamiyendo panga. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka kunayera, msana uli pabowo.

M'mawa ndinatsegula chitseko. Pachipale panali mapazi a jombo, kuchokera kugeti kufika pakhonde, n'kubwereranso. Phazi lamanzere linali lokhwekhwereza. A Orval anathyoka mwendo umenewo ali kufakitale. Pamsomali wa pakhonde, pamene timakoloweka chingwe choyendera ndi galu, panalibe kanthu.

A Delbert, oyandikana nawo nyumba, ankachotsa chipale pagalimoto yawo.

"Mayi Pruitt, munali ndi mlendo usiku? Getsi lanu limangoyaka n'kuzima."

"Munaona munthu?"

Anayang'ana pansi. "Ndinaona ngati wina waima pageti, chipewa chili m'manja. Ndinatseka katani. Ine zinthu za eni sindilowerera."

Pofika masana tauni yonse inali itamva. Ku sitolo ena amati ndi agalu a m'tchire. Ena amati ndi a Arlene anatuma munthu kuti andiopseze, ngati kuti a Arlene angadzuke usiku chifukwa cha wina aliyense. Amayi a kwaya amanong'ona kuti Maxine mutu wayamba kuzungulira, mwana wake abwere adzamutenge. Anene. Ine ndinamukweza Rufus pampando wakutsogolo, ndinamumanga lamba, n'kuyendetsa kupita kumanda.

Ndinamusiya m'galimoto, chotenthetsera chikuyaka, zitseko ndinakhoma zonse. Ndinayenda ndekha pakati pa miyala.

Chingwe chinali pamenepo, pamwamba pa mwala, chokulungidwa bwinobwino katatu monga ankachitira iwo. Ndinayang'ana m'munsi. Dzina la Rufus linali litakwiririka ndi chipale, osaoneka n'chilembo chimodzi chomwe. Ndinapuma. Ndinati amva, kamodzi m'moyo wawo amva.

Kenako ndinakweza maso.

Dzina langa linali loyera mbee. Maxine Pruitt, tsiku lobadwa, ndi malo aja osalemba. Pamalo osalembawo ndi pamene panapukutidwa kwambiri, mpaka mwala ukunyezimira. M'mbali mwake munatsala zizindikiro za zala zinayi.

 Ndinagwira mwala wa munthu wina kuti ndisagwe.  Kumsewu Rufus anauwa kamodzi m'galimoto, kuuwa kwake kwa njala, poti nthawi ya chakudya inali itakwana.

Ndinawerama, ndinatapa chipale ndi manja awiri, ndinamata pa dzina langa mpaka linabisika lonse. Ndinatenga chingwe n'kuika m'thumba.

"Ndamva, a Orval," ndinatero. "Ndinanena ndekha, sindikukana. Koma zaka makumi anayi ndi zisanu ndinkakudikirani ine, chakudya chikuzizira patebulo. Tsopano dikirani inu. Galu sanadye."